Fizi ya pa community college ku America: mmene adiresi imakwezera mtengo katatu

Aliyense amene anayesapo kuwerenga mndandanda wa fizi wa koleji ya zaka ziwiri ku United States, imene kumeneko amaitcha community college, amadziwa kuti mtengo wa phunziro limodzi sulembedwa kamodzi kokha. M'zigawo zambiri za dzikolo mtengowo umalembedwa m'mizere itatu yotsatizana. Mzere woyamba ndi wa in-district, ndipo ndi wa ophunzira okhala m'dera limene limasonkhera kolejiyo ndalama. Wachiwiri ndi wa out-of-district, wa anthu a m'chigawo chomwecho koma okhala kunja kwa deralo. Wachitatu ndi wa out-of-state, wa ochokera ku zigawo zina, ndipo makoleji ena amawonjezerapo wachinayi wa ophunzira ochokera kumayiko akunja. Mphunzitsi ndi mmodzi yemweyo, chipinda chophunziriramo ndi chimodzi, mayeso ndi amodzimodzi, koma wina amalipira kawiri kapena katatu kuposa mnzake amene wakhala naye pafupi. Pa mizere yonseyi, umene umandivutitsa maganizo ndi wachiwiriwo, chifukwa munthu amene amaulipira si mlendo m'chigawomo, amakhoma misonkho ya chigawo monga wina aliyense, ndipo nthawi zina nyumba yake imakhala pafupi ndi koleji kuposa nyumba za ena amene akulipira mtengo wotsika.

Kuti munthu amvetse kumene mzere umenewu unachokera, ayenera kukumbukira kuti makoleji amenewa anabadwira m'sukulu za sekondale. Joliet Junior College ya ku Illinois, imene imatengedwa kuti ndiyo koleji yoyamba ya boma ya mtundu umenewu, inayamba mu 1901 monga makalasi owonjezera pa sukulu ya sekondale ya ku Joliet, potsatira mgwirizano wa J. Stanley Brown, yemwe ankayang'anira sukuluyo, ndi William Rainey Harper, mtsogoleri wa University of Chicago. Popeza sukulu za boma ku America zimadalira kwambiri msonkho wa malo ndi nyumba umene anthu a m'dera lililonse amakhoma, makoleji atsopanowa anatengera chizolowezi chomwecho. Mu 1947 komiti yoona za maphunziro apamwamba imene Pulezidenti Harry Truman anakhazikitsa inalimbikitsa kuti makoleji otere afalikire m'dziko lonse, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anachuluka mofulumira kwambiri. Malamulo a nthawi imeneyo ankaganiza za mtolo wosenzedwa ndi anthu atatu. Mwachitsanzo, lamulo la ku Pennsylvania la mu 1963 linagawa ndalama zoyendetsera koleji patatu mofanana: gawo limodzi boma la chigawo, gawo lina dera limene lavomera kuthandiza kolejiyo, ndipo gawo lotsala wophunzira mwini. Kuchokera pamenepo nkhani ya wophunzira wakunja kwa dera imadzifotokoza yokha. Ngati kwanu sikupereka gawo lachiwirilo, mudzalipereka ndinu, n'chifukwa chake ku Pennsylvania mtengo wa wophunzira wochokera kudera losathandiza koleji umakhala pafupifupi kawiri, ndipo wa wochokera kunja kwa chigawo pafupifupi katatu.

Msonkho umene tikunenawu ndi wooneka ndi maso. Chaka chilichonse mwini nyumba amalandira kalata ya msonkho imene imasonyeza mtengo umene akuluakulu aika pa nyumba ndi malo ake, ndipo pansi pake pamakhala mndandanda wa mabungwe amene agawane ndalamazo: kaunti (boma laling'ono la m'kati mwa chigawo), mzinda, sukulu za pulayimale ndi sekondale, nthawi zina laibulale kapena ozimitsa moto, kenako kamzere kena kolembedwa dzina la koleji. Kamzere ka koleji kamakhala kakang'ono poyerekeza ndi ka sukulu, koma kamalipiridwa chaka ndi chaka, kaya m'nyumbamo muli mwana wopita kukoleji kaya mulibe. Nyumba imene kalata yake ya msonkho ili ndi kamzere kameneka ili mkati mwa dera. Imene ilibe ili kunja, ngakhale itakhala tsidya lina la msewu womwewo.

Chigawo cha Texas ndicho chimaonetsa nkhaniyi poyera kwambiri. Kumeneko kuli madera a makoleji 50, ndipo koleji iliyonse ili ndi malire a mitundu iwiri. Malire aakulu ndi a dera limene lamulo lapatsa kolejiyo kuti izitumikira, ndipo mkati mwake muli malire ang'onoang'ono a dera limene limakhoma msonkho. Choncho munthu angathe kukhala m'dera limene lamulo likunena kuti koleji yake ndi yakutiyakuti, koma n'kumalipirabe mtengo wa wakunja pa koleji yomweyo, zomwe kwa munthu woyamba kumva zimaoneka ngati kulakwitsa kwa kalembedwe. Austin Community College ndi chitsanzo chodziwika. Fizi imawerengedwa pa credit iliyonse (credit ndi muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro amene munthu watenga), ndipo phunziro limodzi la semesita nthawi zambiri limakhala ndi ma credit atatu. M'zaka zaposachedwapa wophunzira wa mkati mwa dera wakhala akulipira madola 85 pa credit, kuphatikizapo timalipiro tina tating'ono, pamene wakunja kwa dera amawonjezera madola 201, kufika pa madola 286. Digiri ya zaka ziwiri imafuna ma credit 60. Tikachulukitsa, woyambayo amalipira madola 5,100 pa digiri yonse ndipo wachiwiri amalipira madola 17,160, kusiyana kwa madola 12,060 pa pepala limodzimodzi la digiri.

Masamu amenewa amapweteka kwambiri tikawaika pambali pa thandizo la boma lalikulu la ku Washington. Ophunzira ochokera m'mabanja osauka amalandira Pell Grant, ndalama zosabweza zimene munthu amapempha podzaza fomu ya FAFSA, ndipo m'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 ndalama zochuluka zimene munthu akanatha kulandira zinali madola 7,395. Wophunzira wa mkati mwa dera amene watenga ma credit 30 pachaka pa mitengo ili pamwambayi amalipira madola 2,550, ndipo amatsala ndi madola 4,845 ogulira mabuku, mafuta a galimoto, chakudya ndi kuthandizira lendi. Mnzake wakunja kwa dera amafunika madola 8,580, kutanthauza kuti thandizo lonse limathera pa fizi ndipo amaperewerabe madola 1,185 asanagule ngakhale buku limodzi. Kuti atseke mpatawo ayenera kutenga ngongole, kapena kuwonjezera maola a ntchito, kapena kuchepetsa maphunziro amene akutenga pa semesita. Njira yachitatuyi ndiyo imaoneka yosavuta, koma ndiyo imatalikitsa ulendo wa zaka ziwiri kukhala wa zaka zinayi kapena kuposerapo, ndipo ulendo ukatalika motero zinthu zambiri zimachitika m'moyo wa munthu zimene zingamusiyitse sukulu.

Malire a msonkho ku Texas kawirikawiri amasuntha pokhapokha anthu a m'dera ataponya voti yovomera kulowa, ndiye kuti kuvomera kudzisenzetsa msonkho watsopano. Anthu a ku Round Rock anavomera kulowa m'dera la koleji ya ku Austin mu 2008, ndipo mu 2010 a ku Elgin ndi a ku Hays anavomeranso, pamene a ku Bastrop ndi a ku San Marcos anakana chaka chomwecho. Chisankho chotere chimakhala ndi zotsatira kwa zaka zambiri, ndipo mwana amene akumaliza sekondale lero anali asanayambe n'komwe sukulu pamene voti ya 2010 inkaponyedwa.

Sindikufuna kupeputsa mfundo ya anthu okhoma msonkho, chifukwa ndi mfundo yomveka. Banja limene lakhala likulipira kamzere ka koleji kwa zaka makumi awiri lili ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene mwana wa kudera limene linakana msonkho angabwere kudzakolola pamene makolo ake sanalime. Ndipo pali chinthu chinanso chimene akuluakulu a makoleji amachidziwa bwino: mtengo wakunja ukachotsedwa popanda kuikapo china m'malo mwake, palibe dera limene lingavomerenso kulowa, ndipo ngakhale amene ali mkati angayambe kufunsa chifukwa chokhaliramo. Mtengo wokwerawo ndiwo umapangitsa kuti voti yolowa m'dera ikhale ndi phindu looneka. Ku Illinois malamulo anafika poikiratu malire a pansi, akuti fizi ya wakunja kwa dera isachepere kamodzi ndi theka poyerekeza ndi fizi yokwera kwambiri ya mkati mwa dera pakati pa makoleji oyandikana nawo, n'cholinga choti makoleji asamalandane ophunzira potsitsa mitengo.

Komabe mfundo imeneyi ikayang'anitsitsidwa imapezeka kuti ili ndi ming'alu. Choyamba, mtengo wotsika superekedwa kwa amene wakhoma msonkho kwa zaka zambiri, umaperekedwa kwa amene akukhala m'deralo panthawi yolembetsa. Ku Illinois munthu amangofunika kukhala m'dera kwa masiku 30 semesita isanayambe, ndipo amalipira mofanana ndi banja lija la zaka makumi awiri. Munthu wa lendi amaonedwa kuti amakhoma msonkho kudzera mwa mwini nyumba, zomwe ndi zoona, koma mwezi umodzi wa lendi sungafanane ndi madola masauzande amene wakunja kwa dera amawonjezera pa digiri yonse. Choncho chimene chikuyesedwa kwenikweni ndi adiresi, ndipo amene ali ndi ndalama zosamukira mumzinda, zolipiriratu lendi ndi ndalama ya chikole, ndiye amatha kugula adiresi yabwino. Amene sangathe kusamuka, chifukwa akusamala kholo lodwala, kapena ali ndi ana aang'ono, kapena akukhalabe m'nyumba ya makolo kuti apulumutse ndalama, ndiye amalipira mtengo wokwera.

Chachiwiri, madera amene ali kunja kwa malire nthawi zambiri amakhala akumidzi, kumene anthu ndi ochepa ndipo kulibe nyumba zamalonda ndi mafakitale akuluakulu oti n'kukhomerapo msonkho wochuluka. Dera la mumzinda limene lili ndi maofesi ndi mafakitale a mtengo wapatali limatha kusonkhanitsa ndalama zambiri ndi msonkho wochepa pa nyumba iliyonse, pamene kaunti yakumudzi iyenera kukhometsa anthu ake kwambiri kuti ipeze zochepa. Kukana kwa anthu akumidzi sikuti nthawi zonse kumachokera pa kusakonda maphunziro. Mlimi wachikulire amene ali ndi malo aakulu koma ndalama zochepa m'thumba amakhala ndi chifukwa chenicheni choopera msonkho watsopano, makamaka ngati koleji yomwe akuuzidwayo ili pa mtunda wa ola lathunthu pagalimoto. Koma zotsatira zake ndi zakuti achinyamata amene ali kale kutali ndi koleji, amene amawononga kale ndalama zambiri pa mafuta, ndi omwenso amalipiritsidwa kwambiri akafika pakhomo pake.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ine ndimatsamira kwambiri, mkangano wonsewu uli pakati pa maboma awiri, lina limene limasonkha ndi lina limene silisonkha, koma bilu yake imatumizidwa kwa munthu wa zaka 18 amene sanakhalepo ndi mawu pa nkhaniyo.

Vutoli laonekera mwatsopano m'zaka zimene zigawo zambiri zayamba kulengeza kuti koleji ya zaka ziwiri ndi yaulere. Ku Michigan kuli makoleji otere a boma 28, ndipo mbali zambiri za chigawocho, makamaka zakumidzi, sizili m'dera la koleji iliyonse. Mu 2021 boma la bwanamkubwa Gretchen Whitmer linayambitsa ndondomeko ya Michigan Reconnect yolipirira anthu a zaka 25 kapena kuposerapo amene alibe digiri, ndipo mu 2024 linawonjezera ina ya achinyamata ongomaliza kumene sekondale. Ndondomeko zimenezi zinamangidwa pa mtengo wa mkati mwa dera. Wokhala mkati amaphunzira osalipira fizi, koma wokhala kunja amangochotseredwa ndalama zofanana ndi mtengo wotsikawo, ndipo kusiyana kwake kumamutsalira. Munthu angamve pa wailesi kuti koleji tsopano ndi yaulere, n'kulembetsa ndi chimwemwe, kenako n'kulandira bilu imene sanaiyembekezere. Ndalama za ndondomekozi zimachokera ku misonkho ya chigawo chonse, imene anthu a m'makaunti akunjawo amakhomanso, ndipo ndikuona kuti pamenepa mfundo ija yokolola posalima yatembenuka, chifukwa tsopano wakumudzi akusonkhera nawo maphunziro aulere amene iye sakuwapeza athunthu.

Pali zigawo zimene zinapeza njira yoti bilu ipite kumene iyenera kupita. Ku New York koleji imalipiritsa kaunti ya kwawo kwa wophunzira gawo limene dera likanapereka, ndipo wophunzirayo amalipira mtengo wamba. Kuti zimenezi zitheke, wophunzira ayenera kupeza chikalata chotsimikizira kumene amakhala kuchokera ku ofesi ya zachuma ya kaunti yake. Amadzaza fomu, amasonyeza umboni woti wakhala m'chigawo cha New York kwa chaka chathunthu ndiponso m'kauntiyo kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo umboniwo umakhala zinthu monga laisensi yoyendetsera galimoto, pangano la lendi, bilu ya magetsi kapena mapepala a msonkho okhala ndi dzina lake, adiresi ndi tsiku loyenera. Chikalatacho chimagwira ntchito chaka chimodzi chokha, ndipo chili ndi nthawi yake: sichiperekedwa kudakali miyezi yoposa iwiri munthu asanalembetse, ndiponso sichiyenera kuchedwa kupitirira masiku 30 makalasi atayamba. Wophunzira amene waiwala kuchikonzanso chaka chachiwiri amangoona kuti bilu yake yawirikiza kawiri. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo ophunzira ena amakodwa nayo, koma kudzaza fomu kamodzi pachaka n'kopepuka kwambiri poyerekeza ndi kulipira madola masauzande angapo.

Njira ya ku New York sinathetse mikangano, inangoisamutsira kwa akuluakulu a makaunti, amene amadandaula chaka ndi chaka za ndalama zimene zimatuluka m'bajeti yawo kupita ku makoleji a makaunti ena. Chimene chimawapweteka kwambiri ena ndi Fashion Institute of Technology ya mumzinda wa New York, imene mwalamulo imawerengedwa monga community college ngakhale imaperekanso madigiri apamwamba, moti makaunti a ku Long Island akhala akukangana za mabilu ake kwa nthawi yaitali. Ine ndimaona kuti mkangano wotere ndi wabwino, chifukwa ukuchitika pakati pa anthu amene ali ndi maloya, bajeti ndi mphamvu zosinthira malamulo. Ku New Jersey kulinso dongosolo lofanana nalo, makamaka pamene koleji ya kaunti ya kwawo kwa wophunzira ilibe maphunziro amene iye akufuna.

Illinois inatsata njira ina. Malo onse a m'chigawocho ali m'dera la koleji inayake mwa madera 39, kotero palibe munthu wopanda koleji ya kwawo. Funso limabuka pokhapokha munthu akafuna kuphunzira kwina. Pa chifukwa chimenechi makoleji anapangana mgwirizano wotchedwa CAREER, umene umalola wophunzira kukaphunzira ntchito ya manja kapena ya luso ku koleji ya dera lina pa mtengo wa mkati, ngati koleji ya kwawo ilibe maphunzirowo. Izi n'zofunika chifukwa maphunziro monga osamalira mano, ojambula odwala ndi makina a X-ray kapena okonza ndege amafuna zipangizo zodula, ndipo si koleji iliyonse ingawakwanitse. Wophunzira ayenera kupempha chilolezo ku koleji ya kwawo semesita isanayambe, ndipo amene walembetsa kaye n'kumapempha pambuyo pake nthawi zambiri amapeza kuti wachedwa. Makoleji ambiri a ku Illinois amaperekanso mtengo wa mkati kwa munthu wokhala kunja amene amagwira ntchito maola 35 kapena kuposerapo pa sabata pa kampani ya m'deralo, akabweretsa kalata ya abwana ake ndi umboni wa malipiro. Ku Texas lamulo limalola koleji kuchita chimodzimodzi kwa munthu amene ali ndi malo okhomerapo msonkho m'deralo ngakhale sakhalamo, pamodzi ndi ana amene akuwasamala, ngakhale kuti mwayi umenewu mwachionekere umathandiza amene ali nazo kale.

Ndiye pali zigawo zimene mzere wachiwiri kulibe n'komwe. Ku California, kumene kuli makoleji 116, nzika iliyonse ya chigawocho imalipira madola 46 pa credit pa koleji iliyonse imene yasankha, ndipo mtengowu umaikidwa ndi nyumba ya malamulo ya chigawo. Ku North Carolina makoleji onse 58 amalipiritsa madola 76 pa credit kwa anthu a m'chigawomo ndi madola 268 kwa akunja kwa chigawo. Virginia ili ndi makoleji 23 pansi pa ulamuliro umodzi, ndipo Indiana ili ndi Ivy Tech, koleji imodzi yokhala ndi nthambi m'chigawo chonse. M'malo amenewa mwana wakumudzi ndi wa mumzinda amalandira bilu yofanana.

Ndisanamveke ngati ndikuitamanda mopyola njira imeneyi, nayonso ili ndi mtengo wake. California inafika pamenepa makamaka chifukwa cha Proposition 13 (lamulo limene anthu a m'chigawocho anavotera) ya mu 1978, imene inaika malire pa msonkho wa malo ndi nyumba ndipo inachititsa kuti makoleji azidalira bajeti ya chigawo. Mpaka 1984 makolejiwa anali opanda fizi. Chuma chitasokonekera mu 2008, boma la chigawo linadula ndalama, makalasi ambiri anatsekedwa, ophunzira ankasowa malo, ndipo fizi inakwera kuchoka pa madola 20 kufika pa 26 mu 2009, pa 36 mu 2011 ndi pa 46 mu 2012. Msonkho wa malo uli ndi ubwino woti susinthasintha msanga, ndipo koleji imene ili nawo imapirira bwino m'zaka za mavuto. Ulinso ndi ubwino woti anthu a m'dera amasankha okha oyang'anira koleji yawo ndipo amaiona kuti ndi yawo. Choncho sindikunena kuti msonkho wa m'dera uthetsedwe. Chimene ndikunena n'chakuti pamene dera lina silisonkha, mpatawo uyenera kutsekedwa ndi kaunti yake kapena ndi chigawo, monga mmene New York imachitira. Texas inasintha kwambiri kagawidwe ka ndalama za chigawo ku makoleji ake mu 2023 kudzera m'lamulo la House Bill 8, limene limapereka ndalama potengera ophunzira amene amaliza maphunziro kapena kupitiriza ku yunivesite, koma malire a msonkho ndi mitengo iwiri ija zikadalipo.

Kwa munthu amene akufuna kulembetsa, kapena kholo limene likuthandiza mwana, chinthu choyamba ndi kusakhulupirira dzina la mzinda lolembedwa pa adiresi ya positi. Malire a dera la koleji nthawi zambiri amatsata malire a madera a sukulu kapena a kaunti, ndipo amenewa sagwirizana ndi mmene positi imagawira makalata, moti nyumba ziwiri za dzina limodzi la mzinda ndi nambala imodzi ya positi zingakhale mbali ziwiri za mzere. Makoleji ambiri ali ndi mapu pa intaneti pamene munthu amalemba adiresi yake n'kuona yankho, ndipo kalata ya msonkho ya nyumbayo imapereka yankho lomwelo. Chachiwiri, wophunzira wamng'ono amene akusamalidwabe ndi makolo nthawi zambiri amawerengedwa potengera kumene makolowo amakhala, choncho kukakhala kwa azakhali mumzinda sikusintha kanthu pakokha. Kulemba adiresi ya mnzanu pofuna kuzemba mtengo ndi chinyengo, ndipo zikadziwika koleji imalipiritsa ndalama zonse zakumbuyo ndipo ingathenso kuchotsa munthu sukulu. Ndi bwinonso kuyang'ana mtengo wa maphunziro a pa intaneti, chifukwa makoleji ena amawaikira mtengo umodzi kwa onse posatengera kumene munthu akukhala.

Amene wasamukira m'dera moona mtima ali ndi ufulu wopempha kuti amuwerengerenso. Mu 1973, pa mlandu wa Vlandis v. Kline, Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti chigawo cha Connecticut sichingamutenge wophunzira ngati wakunja mpaka kalekale popanda kumupatsa mpata wosonyeza kuti wakhazikikadi, ngakhale kuti khotilo linasiya mpata woti zigawo ziziika nthawi yoyenera yodikira. M'zigawo zambiri nthawi imeneyo ndi miyezi 12 kuti munthu awerengedwe wa m'chigawo, ndipo ya dera la koleji imakhala yofupikirapo. Koma kusinthako sikuchitika kokha. Wophunzira ayenera kupita ku ofesi yolembetsa ndi mapepala ake tsiku lomaliza lisanadutse, ndipo mtengo watsopano umayamba semesita yotsatira, popanda kubwezeredwa ndalama za semesita zapitazo.

Ophunzira ochokera kumayiko akunja pa viza ya F-1 ali pa mzere wina. Viza imeneyi imaperekedwa pa mfundo yoti munthuyo adzabwerera kwawo, kotero ngakhale atachita lendi pafupi ndi geti la koleji kwa zaka ziwiri, kawirikawiri sawerengedwa wokhazikika m'chigawo kapena m'dera, ndipo amalipira mtengo wa pamwamba. Ayeneranso kutenga ma credit osachepera 12 pa semesita, salandira Pell Grant, ndipo asanapatsidwe fomu ya I-20, chikalata cha koleji chofunika popempha vizayo, ayenera kusonyeza kuti ali ndi ndalama zokwanira chaka chonse. Ziwerengero zimene zimafalitsidwa zonena kuti fizi ya pa community college ndi pafupifupi madola 4,000 pachaka ndi za wophunzira wa mkati mwa dera, ndipo sizimukhudza wa viza. Munthu wokhala ndi green card, chilolezo chokhazikika ku America, ndi wosiyana, chifukwa iye amatsata malamulo omwe nzika zimatsata, ndipo akakwanitsa miyezi yofunika m'chigawo ndi m'dera, n'kubweretsa pangano la lendi ndi mabilu okhala ndi dzina lake, amalipira mtengo wa mzere woyamba.